Tidabwerera Panjira ya ku Sapitwa

Amayi anzanga, ine ndidabadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, pamudzi wina wosatalikirana ndi mtsinje wa Likhubula. Ndili mtsikana, phirili tinkalikwera kawiri kapena katatu pa sabata kukatola nkhuni, nkhata ndi chikwanje zili m'manja, ndipo padalibe amene ankati kumeneko ndi kukwera phiri. Idali ntchito chabe, monga kusinja kapena kutunga madzi. Komabe padali malire amene sitinkapitirira. Malemu mayi anga ankatiuza kuti pamwamba penipeni pali nsonga yotchedwa Sapitwa, ndi kuti dzinalo likunena lokha: kumeneko sikupitidwa. Ankati ndi kwa mizimu. Ukapeza nthochi zakupsa kapena nsima yotentha pamwala, udye wekha mwakachetechete, usaitane mnzako, ndiponso usatengeko zopita nazo kumudzi. Ife tinkamvetsera tili kakasi, ndipo nkhungu ikangoyamba kutsika tinkamanga mitolo yathu msangamsanga.

Nditakwatiwa tidakhazikika ku Limbe. Kwa zaka 27 phirilo ndinkangoliona pa zenera la basi pamsewu wa Midima, popita ku maliro kapena ku zinkhoswe, osaganizako zolikwera. Amene adandiputa ndi mwana wanga wamkazi wachisamba, yemwe amayenda m'mapiri ndi anzake a kuntchito. Iyeyu adafika pa Sapitwa kawiri, nandionetsa pa foni chithunzi chake ataima pambali pa kachipilala, mitambo ili kunsi kwa mapazi ake. Kunena zoona, chimene chidandigwira si chimwemwe chokha ayi, padalinso kansanje. Mwana wobadwira m'tauni, wosasenzapo mtolo wa nkhuni, wakaponda pamene ine mwini phiri sindidapondepo! Chaka chimenecho, cha 2024, ndinkakwanitsa zaka 50, ndipo ndidati mumtima mwanga: ndikapanda kupita tsopano, mawondowa sadzandilolanso.

Bambo a kunyumba sadakane mwaukali, pakuti si munthu wolongolola. Adangokhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Mayi a ana, kukwera mutha kukwera. Koma mkazi wapabanja kukagona m'thengo pamodzi ndi anyamata onyamula katundu, abale anu ndi anga akamva adzati chiyani?" Mwana adayesa kuwafotokozera kuti m'phirimo muli tinyumba togona alendo, tokhala ndi alonda ake, ndi kuti anthu ambiri ulendo wa ku Sapitwa amauyenda masiku awiri kapena atatu. Sizidamveke. Pomaliza adatipatsa mfundo ziwiri: tipite ndi mlongo wawo, alamu anga, ndipo tipite ndi kubwerako tsiku lomwelo. Ine ndidavomera mothamanga poopa kuti angasinthe maganizo. Paja amati walira mvula walira matope.

Alamu angawa ndi aphunzitsi, ndipo akhala ku Nsanje zaka zoposa 20. Ndi mayi wamphamvu kuposa ine. Dimba lawo amalima okha, ndipo kusukulu amapita ndi kubwera pa njinga dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo. Chiyambire kuwadziwa sindidawamvepo akudandaula. Mwa atatufe, amene ndinkamudera nkhawa ndidali ine ndemwe. Iwo adakwera minibasi ku Nsanje m'mawa wa Lachisanu, kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, tidakumana ku Limbe masana, ndipo madzulo tidafika pa Likhubula. Palibe wa ife amene adaliganizira dongosolo limeneli. Boma la Nsanje lili pamalo osafika ndi mamita 100 omwe kuyeza kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Sapitwa ali pa mamita 3,002. Tinkafuna kuti thupi limodzi lichoke pansi penipeni pa dziko lino ndi kukafika pamwamba penipeni pake tsiku limodzi ndi theka lisanathe.

Ku ofesi ya za nkhalango pa Likhubula ndi kumene alendo amalembetsa ndi kupeza owatsogolera. Ife tidapeza bambo wina wochepa thupi, wosalankhulalankhula, pamodzi ndi mnyamata mmodzi wonyamula katundu. Atamva kuti tikufuna tsiku limodzi, bambowo adatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. "Amayi," adatero, "achinyamata othamanga amatha kutero. Kuchokera pano kukafika pamwamba ndi chitunda cha mamita oposa 2,000, ndipo chonsecho mudzachitsika ndi miyendo yomweyo. Ndikutengani, koma tipangane. Ikakwana 2 koloko masana, paliponse pamene tili, tikubwerera. Chachiwiri, wina akamva mutu, nseru kapena chizungulire, anene nthawi yomweyo." Adatikumbutsanso za mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, amene m'chaka cha 2009 adapitirira yekha kunka ku Sapitwa atamusiya womutsogolera, ndipo adapezeka atafa patapita milungu. Tonse tidavomera monga m'mene timavomerera malangizo a anamwino ku sikelo, mutu ukugwedezeka koma mtima uli kwina.

Tidanyamuka 3 koloko m'bandakucha, aliyense ndi tochi ndi ndodo. Ine ndidavala thalauza la mwana wanga, chitenje pamwamba. Musaseke; ife amene tidakula thalauza lili loletsedwa kwa akazi m'dziko muno manyazi ake sadatithere, ngakhale lamulolo lidachotsedwa kalekale. Koma kumene tinkapitako, amene angavale diresi lokha adzavutika. M'zikwama mudali mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi, mazira owiritsa, tiyi wa m'flasiki ndi mabotolo a madzi. Tidatenga njira ya Chapaluka, imene imatsata mtsinje wa Likhubula. Dziwe la Nkhalamba sitidalione chifukwa cha mdima, tidangomva mkokomo wa mathithi ake. Alamu adali patsogolo pathu tonse, akutiseka a m'tauni kuti tazolowera kukwera magalimoto.

Kutacha, thanthwe lalikulu la Chambe lidaonekera, ndipo m'mapiri motizungulira mudali zipsera zoyera m'mene mudagumuka nthaka ndi miyala pa namondwe wa Freddy m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023. Chimene chidandiwawa koposa ndi mitengo. Mkungudza, umene udatchulidwa kuti ndi mtengo wa fuko lino m'chaka cha 1984, ndipo fungo lake ndidakula nalo, pafupifupi wonse udatha. Tidaona zitsa, ndi timitengo tating'ono tobzalidwa chatsopano. Nthawi yomweyo adatipeza amayi asanu opita ku nkhuni, ena atavala masilipasi, ena opanda nsapato, natipitirira ngati taima. Mmodzi adacheuka nafunsa, "Kodi amayi, kumene mukupitako nkhuni zake n'zotani?" Tidaseka tonse. Koma ine ndidazindikira kuti malo amene ankapita amayiwo ndi akutali kwambiri kuposa kumene ife tinkalekezera kale. Iwowo ndiwo akatswiri a phirili, ngakhale palibe amene amawajambula.

Za maola otsatirawo sindinena zambiri. Kudali kukwera, kupumira, kukweranso. Titafika pamwamba pa phiri, pamene pali madambo a udzu ndi timitsinje ta madzi ozizira ngati a m'firiji, mphepo idayamba kulowa m'mafupa. Pa kanyumba ka Chisepo, kamene kali m'munsi mwa Sapitwa pa mamita pafupifupi 2,200, tidafika nthawi itapitirira pang'ono 10 koloko. Pamenepo ndidaona zinthu zitatu zimene ndidazimvetsa mochedwa. Alamu adapereka mazira awo kwa mnyamata wonyamula katundu, nati alibe njala. Botolo lawo la madzi lidali lodzaza pafupifupi monga m'mene lidachokera pansi. Ndipo duku lawo adalimasula n'kulimanganso mothinitsa pamphumi. Mayi aliyense akudziwa chimene mkazi mnzake amamangira mutu chotero. Ine ndidati mwina ndi mphepo, chifukwa maso anga adali kunsonga.

Kuchokera pa Chisepo njira imasanduka ina. Palibenso dothi lopondapo, koma matanthwe osalala oimirira ngati denga la nyumba, ndipo munthu amatsata zizindikiro za utoto wofiira zopakidwa pamiyala. Pena umakwera ndi manja ndi mawondo, pena umakwawa kudutsa pampata wa miyala iwiri yaikulu ngati nkhokwe, pena umalowa m'katchire ka mitengo yaifupi yokhala ndi ndere zolendewera. Apa ndi pamene ndidayamba kumva chinthu chachilendo m'thupi mwanga. Kutopa ndikukudziwa, ndalimapo ndipo ndaberekapo ana anayi. Izi zidali zina. Ndinkakoka mpweya chifuwa chonse kudzaza, koma osakhuta nawo. Mtima unkagunda m'makutu ngati munthu akusinja. Ndinkayenda mapazi 30 n'kuima, kenaka 20 n'kuima. Wotitsogolera adandilangiza kuti ndiziponda pafupipafupi ngati mkwatibwi, ndisamathamangire kukapumira patsogolo, ndipo zidathandizadi.

Chimene chimachitika, monga adandifotokozera mwana wanga pamenepo ndiponso dokotala pambuyo pake, ndi ichi. Munthu akamakwera, mpweya umanka nupepuka. Pa mamita 3,000, kupuma kumodzi kumalowetsa okosijeni wokwana magawo 7 okha mwa magawo 10 a amene munthu amapeza ali m'mbali mwa nyanja yamchere. Zili ngati phala limene mwaonjezera madzi alendo atachuluka: mbale ndi yomweyo ndipo yadzaza, koma mwana akadya sachedwa kumva njala. Thupi limatha kuzolowera, koma limafuna nthawi, tsiku kapena masiku angapo. Ukalifulumiza, makamaka kupitirira mamita 2,500, limayamba kudandaula ndi mutu, nseru, chizungulire, kufooka ndi kusafuna chakudya. Ndipo matendawa sasankha kuti uyu ndi wamphamvu. Wamphamvuyo nthawi zina ndiye amayamba kugwidwa, chifukwa amakwera mofulumira. Kuzizira nakonso kumaonjezeka ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pa mamita 1,000 alionse, kotero kuti munthu wochoka ku Nsanje atavala malaya opyapyala amakapezeka m'chisanu chimene sadachionepo.

Alamu, amene m'mawa adali patsogolo, tsopano adali pambuyo. Nthabwala zija zidatha. Ndikawafunsa ankangoti, "Ndili bwino, alamu, tiyeni." Cha m'ma 1 koloko ndidacheuka osawaona. Tidawapeza kuseri kwa mwala atagwada, akusanza, thukuta lili kamukamu m'mphepo yozizira ija, milomo itayera. Foni ya mwana wanga inkasonyeza kuti tili pa mamita ngati 2,700. Wotitsogolera sadakalipe. Adawakhazika pansi, nawafunditsa juzi lake, kenaka adawafunsa dzina lawo, tsiku, ndi kumene achokera. Atayankha bwino, adawaimiritsa pamalo osalala nawauza kuti ayende molunjika, chidendene cha phazi lina chikugunda zala za linzake. Adayenda, ngakhale mwapang'onopang'ono.

"Mwayi ulipo, atsika ndi miyendo yawo," adatero. "Amayi, mutuwu wayamba liti?"

"Tisanafike pa kanyumba paja."

"Nanga madzi bwanji simumamwa?"

Alamu adayang'ana pansi. Adandinong'oneza ine kuti ankaopa kuti akamwa azifuna kupatuka kawirikawiri, ndipo pamatanthwe poyera chotere, pali amuna awiri, akadabisala pati? Nditawafunsa chifukwa chimene sadanenere za mutu, adandiyankha mawu amene sindidzawaiwala: "Alamu, ulendowu ndi wanu. Achimwene adandituma kudzakuperekezani, osati kudzakubwezani." Ndipo adaonjeza kuti tiwasiye pamenepo ndi mnyamata uja, ife tikafike, adzatidikira.

Apa ndiyenera kuulula, ngakhale zikundichititsa manyazi. Mawu amenewo ndidawalandira mumtima. Wotitsogolera adali atanena kuti kwatsala ulendo wa ola limodzi ndi theka. Zaka 50 ndikuliyang'ana phirili, maola khumi ndikulikwera, ndalama zolipira anthu awiri ndi zoyendera nditazisunga miyezi inayi, ndiye ndibwerere pakhomo penipeni? Ndidayang'ana kumwamba, ndidayang'ana alamu, ndipo kwa kanthawi ndidakhala chete, pamene ndidayenera kukana msanga. Mwana wanga ndiye adati, "Amayi, azakhali sitingawasiye." Wotitsogolera naye adati iye sagawa anthu ake pawiri m'phiri, ndipo munthu amene wayamba kusanza pamalo otere mankhwala ake ndi amodzi, kutsika. Kumudikiritsa pamwamba pomwepo, pamphepo, ndiko kumuonjezera matenda. Kenaka adatembenukira kwa ine nafunsa, "Nanga inu amayi, mutu uli bwanji?" Ndidati ukupweteka pang'ono. Adafunsa kuti wayamba liti. Udali utayamba ola lathunthu m'mbuyomo, ndipo nanenso sindidauze munthu.

Ndidakwiya, amayi anzanga. Poyamba ndidakwiyira alamu chifukwa chobisa, kenaka bambo a kunyumba chifukwa cha lamulo lawo la tsiku limodzi, koma mkwiyowo udasowa pokhazikika chifukwa ine ndidachita chimodzimodzi. Tonse awiri tidalangizidwa ndi anankungwi a mtundu umodzi. Adatiuza kuti banja ndi kupirira, kuti mkazi salira pobereka, kuti mayi akadwala amayamba waphikira ana ndipo kenaka agone. Sindikunyoza malangizo amenewo. Andisungira banja zaka zonsezi, ndipo popanda kupirira sitikadafika ndi pa Chisepo pomwe. Koma pathanthwe paja ndidaona kuti wotitsogolera adatipempha chinthu chimodzi chokha chopepuka, kunena kuti mutu ukupweteka, ndipo amayi awiri akuluakulu, wina mphunzitsi, tidalephera. Alamu akadanena pa Chisepo, akadatsala pamoto ndi mlonda, akumwa tiyi, ndipo mwina ife tikadafika. Ine ndikadanena, bwenzi iwonso atamasuka kunena.

Kutsika kudali kovuta kuposa kukwera. Matanthwe aja tinkawatsika chokhala, kukhwekhwereza matako ngati ana. Chitenje changa chidagwira ntchito imene sindidachiganizire: tidachipota n'kuwamanga nacho alamu m'chiuno, wotitsogolera atagwira nsonga yake kumbuyo pamalo oopsa. Adamwa Panado, ndipo tinkawamwetsa madzi pang'onopang'ono, tathiramo shuga ndi kamchere. Cha m'ma 3 koloko nkhungu idakwera kuchokera kumunsi, yonyowa ngati ya chiperoni, ndipo posakhalitsa zizindikiro zofiira zija sizinkaonekanso kupitirira mikono iwiri. Mbali zonse kudali koyera, phompho osalidziwa kumene lili. Ndidakumbukira mayi anga ndi mitolo yathu ija. Ena amati adatiopseza chabe ndi nkhani za mizimu. Ine sinditsutsana ndi munthu pa zimenezo, ndipo ndidamva kuti m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO lidalemba phirili m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse, china mwa zifukwa zake chili ulemu umene Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amalipatsa. Chimene ndikudziwa n'chakuti tikadapitirira, nkhunguyo ikadatipeza pansonga, alamu ali okha ndi mnyamata kumunsi.

Chodabwitsa n'chakuti titatsika mamita mazana angapo, alamu adayamba kubwerera mwakale. Mawu adamveka, nseru idaleka, ndipo tili pafupi kufika adafunsa ngati mbatata ija yatsalako. Pa Chisepo tidafika cha m'ma 5 koloko, dzuwa likulowa. Zotsika maola ena asanu ndi limodzi mumdima, ndi munthu wodwala, padalibe amene adazitchula. Ine nkhawa idali pa chakudya ndi zofunda, popeza tidanyamula za tsiku limodzi. Pamenepo mnyamata uja adamasula katundu wake, natulutsa ufa, usipa, tomato, mchere ndi mabulangete atatu. Ndidayang'ana wotitsogolera. Iye adangoti, "Ndayenda ndi anthu ambiri m'phiri muno, amayi," napita kukathandiza mlonda kuwaza nkhuni.

Nsima ndidaphika ine. Apanso phiri lidandiphunzitsa kanthu ka kukhitchini. Madzi adawira bwinobwino, koma phala lidachedwa kupsa, ndipo mlonda adandiuza kuti ndisafulumire kuthira ufa wachiwiri. Pamalo okwera chotere madzi amawira asanatenthe kwenikweni, pa madigiri ngati 93 m'malo mwa 100, choncho chilichonse chowiritsa chimatenga nthawi. Mlondayo adati nyemba akaziteleka m'mawa amadya madzulo.

Padatsala ntchito imodzi imene ndinkaiopa kuposa matanthwe. Mwana adandiperekeza pamwala wina pamene foni imagwira, ndipo ndidaimbira bambo a kunyumba. Panjira ndidali nditakonza mawu ambiri ozungulira, koma nditamva mawu awo ndidangonena molunjika kuti achemwali awo adadwala pamwamba, sitidafike, ndipo tigona m'phiri. Kudali zii kwa nthawi yaitali, mpaka ndidayesa kuti foni yaduka. "Adya?" adafunsa. Ndidati adya. "Zofunda muli nazo?" Ndidati tili nazo. "Gonani komweko. Musayerekeze kutsika usiku."

Usiku umenewo tidagona pansi pafupi ndi moto, atatufe titaunjikana, amuna aja ali kumbali kwawo ndi mlonda. Tulo sitidabwere msanga. Mumdimamo alamu adayamba kundiuza zimene sadauzepo munthu: kuti kwa miyezi isanu ndi umodzi akhala akutaya magazi ambiri akakhala kumwezi, kuti kawiri konse adatsika pa njinga chifukwa cha chizungulire, ndi kuti akakwera kachitunda kakang'ono mtima umathamanga. Ankati ndi ukalamba ukubwera, ndipo padalibe chifukwa chovutitsira anthu. Titabwerera ku Limbe tidapita nawo kuchipatala, ndipo adawapeza ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Dokotala adatifotokozera kuti magazi ndiwo amanyamula okosijeni kuchokera m'mapapo kupita m'thupi lonse, kotero munthu wochepa magazi akakwera phiri lalitali amasowa pawiri: mpweya wachepa, onyamula nawonso achepa. Adawapatsa mankhwala oonjezera magazi ndi kuwatumiza kwa dokotala wa matenda a amayi. Lero ali bwino, ndipo amanena okha kuti chipatala chimene adachizemba chaka chonse adachita kukankhidwirako ndi phiri.

Kwa inu amene ana anu akukunyengererani ulendo wonga uwu, sindikuletsani. Malo aja ndi okongola kuposa chithunzi chilichonse cha pa foni. Koma musauyende tsiku limodzi, makamaka ngati mukuchokera kuchigwa kapena kunyanja. Kagoneni pa Chisepo thupi lizolowere, nsonga mukaikwere m'mawa nkhungu isanabwere. Yambani mwakayezetsa magazi, ndipo ngati muli ndi vuto la mtima, la kuthamanga kwa magazi, la mphumu, kapena ndinu oyembekezera, funsani dokotala musanalipire ndi tambala yomwe. Madzi imwani, za kupatuka, mnzanu akutchingirani ndi chitenje monga timachitira pa maliro. Ndipo mukaona mnzanu akudzandira ngati woledzera, akuyankha zosagwirizana, kapena akubanika ngakhale atakhala pansi, musayembekezere kuti Panado agwire ntchito. Ameneyo atsike nthawi yomweyo, ndipo apite kuchipatala.

M'mawa kudacha kopanda ndi kamtambo komwe. Sapitwa adali poyera pamwamba pathu, miyala yake ikuwala, pafupi ngati ungamuponyere mwala. Alamu adandigwira dzanja nati, "Pepani, alamu." Ndidawauza kuti asayambenso zimenezo. Tidamwa tiyi, tidatsazika mlonda, ndipo tidayamba kutsika, mawondo akunjenjemera, zala za kumapazi zitatupa matuza. Panjira tidakumananso ndi amayi a nkhuni aja, ndipo yemwe uja adafunsa ngati tazipeza nkhuni zathu. Alamu adamuyankha kuti tazipeza koma zidatilemera.

Pa Likhubula tidafika masana, ndipo tidapeza bambo a kunyumba atakhala pamwala pafupi ndi ofesi, pambali pawo pali jumbo ya mabanzi ndi bulangete la pabedi pathu. Adakwera minibasi yoyamba kuchokera ku Limbe. Adayamba ayang'anitsitsa mlongo wawo, kenaka adapita kukagwira chanza wotitsogolera ndi manja awiri, nalankhula naye nthawi yaitali chapansipansi. Pobwera adandifunsa kuti, "Ndiye kudatsala mtunda wotani?" Ndidati wa ola limodzi ndi theka. Adagwedeza mutu, natola chikwama changa n'kuchikoleka paphewa.

"Bambo aja akuti ulendowu ndi wa masiku atatu," adatero. "Akutinso amuna a zaka zanga amakwera."